Ntchito ya Mulungu Sitilipira

Atate anga anali womanga nyumba. Analibe shopu, analibe chikwangwani, ngakhale foni anaigula mochedwa, koma ku Kanyama kwathu munthu akafuna kumanga kachipinda ka lendi ankangouzidwa kuti, "Pitani kuli ba mdala ba ku Katete, khoma yao siigwa." Mawu amenewo ndiwo anali chuma chonse cha banja lathu. Ndiwo ankatidyetsa, ndiwo anandifikitsa giredi thwelofu. Womanga wa m'komboni alibe pepala loonetsa anthu. Dzina lake lili pa makoma amene anasiya m'mbuyo, ndipo dzinalo likangoda, basi, akagulitse makala.

Ndinene poyambirira kuti ndikulemba izi ndili wokwiya. Zaka zapita, atate anagona kale, ine ndili ndi ana anga, koma mkwiyo wokha ndiwo ukukana kukalamba.

Tchalitchi chathu anamanga ndi iwo. Mpingo unali waung'ono, wa Chipentekoste, wodzaza azimayi ogulitsa tomato ndi zitumbuwa, ndi azibambo oyendera maganyu. Tinayamba kupemphera m'kalasi ya sukulu ina, kenaka tinapeza kamalo kumunsi, pafupi ndi pamene azimayi amaphwanya miyala. Loweruka lililonse atate ankanyamula levulo yoonera ngati khoma laongoka, chingwe ndi mpeni wao womangira, n'kupita kukaimika makoma. Sanalandirepo kanthu. Amayi akadandaula kuti Loweruka ndi tsiku limene anthu amalipira bwino, iwo ankangoyankha kuti, "Amake mwana, iyi ndi ntchito ya Mulungu."

Ine ndinkatunga madzi ku kiyosiki n'kumawathirira posakaniza daka, matope a simenti aja, choncho ndinaona ndi maso anga mmene ankamangira. Simenti ikachepa, atate sankawonjezera mchenga monga amachitira ena. Ankaimitsa ntchito, n'kukhala pa buloko, mpaka thumba lina lipezeke. Abusa athu, amene tonse tinkawatcha ba pasita, ankachita kuwanyengerera kuti, "Ba mdala, kokaniko chabe pang'ono, tisilize," koma iwo ankapukusa mutu. Tsiku lina anabweretsa theka la thumba limene anapatsidwa kwina m'malo mwa malipiro, amayi osadziwa.

Kwa ife mawu akuti ntchito ya Mulungu anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Kusesa m'tchalitchi, kuyimba kwaya, kuphika pamaliro, kumanga khoma: zimene munthu amachitira Mulungu. Sitinkadziwa kuti m'tauni, m'nyumba zosanja zija, muli anthu amene mawu omwewo anawatembenuza chagada.

Chaka china kunamveka kuti tchalitchi china ku Chawama chapsa ndi magetsi, ndipo ku komboni ya George mbava zanyamula kiyibodi ndi masipika a mpingo wina. Ba pasita anachita mantha. Lamlungu lina, zolengeza zitatha, anaitana kutsogolo bambo wina wovala suti ya buluu ndi nsapato zosongoka, n'kutiuza kuti wachokera ku kampani ya inshuwalansi. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero ba pasita, ndipo tinavomera, chifukwa ndani angatsutse mwambi?

Wa sutiyo analankhula Chingerezi chokhachokha. Womasulira anali ba elda, mkulu wa mpingo amene anagwirapo umesenjala mu ofesi ina, ndipo Chingerezi ankachikonda kuposa nyama. Mlendoyo anati tikamapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, tsoka likatigwera kampani idzatimangira. Anatchula moto, ba elda n'kufuula, "Mulilo!" Anatchula mbava, ba elda, "Bakawalala!" Anatchula galimoto yogunda khoma, ndi anthu owononga dala. Pa chilichonse mpingo unkayankha kuti ameni. Kenaka anatsitsa mawu, n'kuwerenga mzere wina wa kumapeto mofulumira ngati munthu wothawa mvula. Mu mzerewo munali mawu atatu a Chingerezi okhala ndi dzina la Mulungu. Ba elda anagwira atatuwo, ena onse anawadutsa, n'kutembenukira kwa ife nkhope ikuwala.

"Abale, bakamba ati iyi pepala ikambako na pa ntchito ya Mulungu!"

Mayo ine, nthungululu yake! Mayi wina kumbuyo anaimirira n'kufuula kuti, "Ngati ni ntchito ya Mulungu, ndiye ni ise!" Wa ng'oma anayamba kuimba, azimayi anavina mpaka fumbi. Atate, amene sankavina, ankangogwedeza mutu mokondwa, poganiza kuti ngakhale a m'tauni aona kufunika kwa zimene ankachita Loweruka.

Ine ndinali ku benchi la kwaya, ndipo Chingerezicho sindinachimve chifukwa cha phokoso. Koma wa suti uja ndinamuona. Anamwetulira, n'kuyang'ana nsapato zake. Iye anamva zimene ba elda ananena, ndikudziwa kuti anamva, chifukwa titatuluka ndinamupeza pa siteji akukangana ndi kondakitala wa minibasi m'Chinyanja chosalala kuposa changa. Anamva mawu ake akupotozedwa, anaona azimayi akuvinira chinthu chimene kulibe, ndipo anatseka chikwama chake n'kukwera minibasi.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu loyamba la mwezi dengu linkayenda kawiri. Loyamba la chopereka, lachiwiri la inshuwalansi. Amayi ankaponyamo zimene apeza pa zitumbuwa, ndipo ankaponya mosanyinyirika, chifukwa khoma linali la amuna awo. Tinapereka zaka zingapo, osaphonya.

Amene sanakhalepo ku Kanyama nthawi ya dzinja sangamvetse. Pansi pathu ndi mwala wokhawokha. Mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amangokhala, amabiriwira, amasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Timayenda modumpha pa miyala yoyalidwa, kapena kubwereka majombo kwa amene amachita nawo bizinesi pa mphambano. Tinazolowera. Koma chaka chimenecho zinaposa msinkhu. Ngalande zinali zitatsekeka ndi mapulasitiki, ndipo kumtunda kwathu munthu wina wachuma anali atamanga mpanda wautali wozungulira nyumba yake yosungiramo katundu, pomwe madzi ankadutsa kuyambira kale. Madziwo atasowa njira anakhotera kwa ife. Anakhala m'tchalitchi masabata, ofika m'mawondo, mabenchi akuyandama. Ndiye masana ena kunabwera chimphepo ndi mvula ya matalala. Chinanyamula malata, ndipo mitengo ya denga pogwa inakoka khoma la kumadzulo, limene pansi pake panali patafewa kale. Makoma atatu anatsala chilili, ndipo palibe anavulala.

Mvula itakata ndinapita ndi atate kukaona. Analowa m'madzi ndi majombo, n'kuyamba kugogoda khoma logwalo ndi chibakera. Silinaphwanyike. Linagona lathunthu, ngati chitseko chochotsedwa pa mahinjesi.

"Taona," anandiuza, "daka wagwira, palibe buloko lasiyana ndi linzake. Chapita ndi dothi la pansi."

Anthu amene anasonkhana sanali ndi nkhawa kwenikweni. Ankatonthozana kuti, "Osadandaula, tili na inshuwalansi." Ena anali atayamba kale kukambirana kuti denga latsopano likhale la malata a mtundu wanji.

Wa kampani amene anabwera kudzaona sanali wa suti ya buluu uja, anali wina. Galimoto anaisiya kumsewu wa tala, ndipo poopa kunyowetsa nsapato anakwera wilibala, munthu akumukankha, iye atakumbatira chikwama pa chifuwa. Anaima pa mwala, anajambula ndi foni uku ndi uku, anafunsa kuti madzi anakhala nthawi yaitali bwanji ndi kuti mphepo inachokera kuti. Tonse tinali titamuzungulira, ba pasita patsogolo. Uyu sanavutike ndi Chingerezi.

"Ba pasita, apa vaonekeratu," anatero. "Iyi ni ntchito ya Mulungu."

Tinawomba m'manja. Ndikakumbukira ndimafuna kudziluma. Tinawomba m'manja ndithu, titaima m'madzi onunkha, ndipo mayi uja wa kumbuyo anaimbanso nthungululu.

"Ni ntchito ya Mulungu zoona," anatero ba elda monyadira. "Manje muyamba liti kumanga?"

Munthuyo anatiyang'ana ngati tapenga. "Simunanimvetse, bakulu. Ntchito ya Mulungu sitilipira."

Anafotokoza mwachidule, akuyang'ana wotchi. Kwa iwo mawu aja satanthauza zimene munthu amachitira Mulungu, koma zimene Mulungu amachitira munthu: madzi osefukira, chimphepo, mphezi, chilichonse chopanda dzanja la munthu. Mzere uja wa kumapeto unkanena kuti zoterozo kampani sizikuikhudza. Anati ilipo inshuwalansi ina yodula imene imalipira zimenezo, koma ya malo ngati athu sakanatigulitsa, chifukwa aliyense akudziwa kuti ku Kanyama kumasefukira chaka ndi chaka.

Ba pasita anakweza mawu. "Mulungu sangagwetse nyumba yake!"

"Ine sindine m'busa, ba pasita," anayankha. "Ise tilipira ngati wachita ni muntu." Atatero anakweranso wilibala yake.

Amayi ndiwo anamufuulira kumbuyo. "Kani inu Mulungu mumamudziwa pa tsiku lokana lokha?" Iye sanacheuke.

Moyang'anana ndi tchalitchi munali shabini, yomangidwa ndi mabuloko a mchenga wokhawokha, denga lake lopanikizidwa ndi miyala ndi matayala akutha. Imeneyo sinagwe, ngakhale lata limodzi silinachoke. Nkhani ya wa wilibala itafika kumeneko, azibambo omwa mowa anapeza chosekera cha chaka chonse. Ndikamadutsa ankandiitana, "Ba kwaya! Ati landilodi wanu wakupasani notisi?" Wina n'kuwonjezera, "Bwelani mupempele kuno, ise batikonda!" Ine ndinkawatukwana, sindibisa. Koma atate akamadutsa ankangoweramitsa mutu, ndipo ndinkaona kuti chipongwecho chikuwalowa mpaka m'mafupa. Kwa iwo, kumva zidakwa zikunena kuti Mulungu wagwetsa nyumba yake kunali ngati kumva bambo wako akutchedwa mfiti pa msika.

Tinabwerera m'kalasi muja. Anthu anayamba kuchepa, ena anapita ku mipingo ina ya madenga. Ba pasita anafunika yankho, ndipo analipeza. Analalikira kuti Mulungu sachita choipa, koma ngati walola nyumba yake kugwa ndiye kuti muli tchimo pakati pathu, ndipo tiyenera kulifufuza. Sanatchule munthu. Sanafunikenso kutchula. M'kwaya mwathu munali mtsikana wina, mnzanga, wamasiye, amene mimba inali itayamba kuoneka koma mwamuna osaoneka. Maso onse anapita kwa iye. Lamlungu lotsatira anakhala pa benchi yekha, mbali zonse ziwiri mpata. Azimayi amene ankagula naye tomato anasiya, ndipo kunamveka kuti akulu akukonza zomuchotsa mu mpingo pamaso pa anthu onse.

Madzulo ena atate anali pakhonde akupukuta levulo yao, ine ndikusenda mbatata. Anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe wa sukulu, anati chiyani munthu wa wilibala uja? Akachita munthu amalipira?"

"Anatero," ndinayankha. Ndinkaganiza kuti akunena za wachuma wa mpanda uja, ndiye ndinawonjezera kuti, "Tikawauze za mpanda, ndiwo unabweza madzi."

"Uja ali ndi maloya," anatero atate. "Sangavomere." Anapitiriza kupukuta levulo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lamlungu, pa nthawi ya maumboni, atate anaimirira. Sanali munthu wolankhula mu mpingo, choncho kalasi yonse inatchera khutu. Anagwira chipewa ndi manja awiri.

"Abale, lekani kufunafuna," anatero. "Amene anagwetsa khoma lija si Mulungu. Si mwana uyunso ayi. Ndine. Simenti ndinkaika yochepa, ndipo maziko sindinakumbe mokwanira. Kawauzeni a kampani kuti wachita ndi munthu, atilipire."

Ndinaimirira ndikufuula kuti, "Bodza!" koma amayi anandikoka chitenje mpaka ndinakhala pansi. Misozi inali ikutsika m'masaya mwao, ndipo anandinong'oneza kuti, "Usawachititse manyazi atate ako pagulu."

Apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Ba pasita ankadziwa kuti ndi bodza. Ndi iwo amene ankanyengerera atate kuti akoke simenti, atate n'kukana. Ba elda ankadziwa, chifukwa ndiwo ankasunga kiyi wa kachipinda ka simenti ndipo thumba lililonse linkatuluka pamaso pao. Onse awiri anaona khoma lija litagona lathunthu. Koma ba pasita anatsika, anakumbatira atate, n'kukweza dzanja kuti, "Aleluya! Choonadi chatuluka!" Ndipo mpingo wonse unapuma mpweya waukulu, ndinachita kuumva. Mulungu anayera, tchimo linapezeka, ndalama zikubwera. Mnzanga uja anadzutsa nkhope koyamba m'masabata ambiri. Iye yekha ndi amene sindimusungira kanthu.

Lachiwiri tinapita m'tauni, ba pasita, ba elda, atate ndi ine. Atate anavala jekete lao la kumaliro. Ofesi inali pamwamba, yozizira ngati firiji, ndipo tinasiya matope a ku Kanyama pa kapeti yao, chinthu chokhacho chimene chinandisangalatsa tsiku limenelo. Anatilandira mayi wachitsikana waulemu kwambiri. Anatipatsa madzi m'timakapu, n'kumvetsera atate akubwereza bodza lao mawu ndi mawu.

"Batate," anafunsa, "mwakamba kuti munamanga voipa?"

"Eya, mwana wanga."

"Pepani maningi. Kumanga voipa nakonso sitilipira. Ili pa mzere wokonkhapo, pansi pa uja wa Mulungu."

Atate anaika chipewa pa mawondo. Kenaka anafunsa mofatsa, monga ankafunsira mwini nyumba kuti zenera alifuna mbali iti.

"Mwana wanga, ndithandize kumva. Akagwetsa Mulungu, simulipira. Ndikagwetsa ine, simulipira. Nanga mumalipira akagwetsa ndani?"

"Ngati ni mulilo, batate, olo bakawalala, olo motoka yagunda."

"Kansi tikanaitentha chabe," ndinatero ine. Ba pasita anandidzudzula kuti ndisalankhule ngati wakunja. Mayiyo anamwetulira mwachisoni, n'kutifunsa ngati tikufuna kupitiriza kupereka mwezi ndi mwezi, poti makoma atatu adakalipo ndipo moto ukhoza kubwera nthawi ina iliyonse. Ndinatuluka ndisanamuponyere kapu.

Tinabwerera pa minibasi. Titatsika, tikudumpha miyala kulowa m'komboni, atate ananena mawu awiri okha: "Ndimayesa ndathandiza."

Chalowa m'khutu chayala mphasa. Zimene atate ananena m'kalasi muja zinafika pa kiyosiki ya madzi tsiku lomwelo, ndipo pofika Lachitatu zinali pa msika. Kuti kampani yakana kulipira anthu anaiwala msanga, koma kuti mdala wa ku Katete wavomera yekha, pamaso pa Mulungu, kuti amadya simenti, zimenezo palibe anaiwala. Mayi wina amene anali atawapatsa ntchito ya zipinda za lendi anatuma uthenga kuti ayambe adikira. Atate akudikirabe mpaka lero, m'manda. Anthu amene atate anawamangira kalekale anayamba kuzungulira nyumba zao kufunafuna ming'alu, ndipo wopeza kamng'alu ka pulasitala ankaitana anansi kuti adzaone. Ku shabini nyimbo inasintha. Anasiya za landilodi, anayamba kufunsa atate kuti simenti imakoma ndi ndiwo yanji.

Ine ndi amayi tinapita kunyumba kwa ba pasita. Tinakhala pa sofa, amayi atagwada kaye pakhomo monga mwa ulemu. Pempho lathu linali limodzi: aimirire pa guwa anene kuti atate ananena zija pofuna kuthandiza mpingo, kuti khoma linamangidwa bwino.

Ba pasita anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Mwana wanga," anandiuza, "nikakamba kuti si beve, ndiye ni ndani? Ufuna niimilile pa guwa nikambe kuti ni Mulungu? Mpingo uzapasuka."

"Nenani kuti ndi mpanda wa wachuma uja," ndinatero. "Aliyense akudziwa."

Anatsokomola. Anati bambo ameneyo wangolonjeza kumene kuthandiza mpingo ndi malata onse a denga latsopano, ndipo si nzeru kuluma dzanja lotambasuka. Anatitsimikizira kuti Mulungu akudziwa choonadi, ndipo mphotho ya atate ili kumwamba.

"Mulungu akudziwa, inde," ndinayankha, "koma amene amalemba anthu maganyu ku Kanyama si Mulungu." Amayi ananditsina pa ntchafu, ndipo tinatuluka.

Atate atamva kuti tinapita kumeneko anakwiya, ndipo aka kanali koyamba kundikalipira ndili wamkulu. Anati analankhula pamaso pa mpingo, akabweza bwanji? Akanena kuti ananama, ndiye kuti ananamiza Mulungu m'nyumba yake, ndipo maso onse abwerera kwa mwana wamasiye uja, amene tsopano anali pafupi kuchira. "Zisiyeni," anatero. "Ntchito idzabwera." Sinabwere.

Mvula itatha mpingo unasonkha, malata a wachuma anafika pa lole, ndipo komiti inakhala pansi kusankha womanga. Inati singapereke ntchito kwa munthu amene anavomera yekha kuti anagwetsa khoma, anthu angadabwe. Anatenga womanga wa ku George. Iyeyo anafika, anagogoda makoma atatu otsala aja, anati ndi olimba safunika kukhudza, n'kulumikiza khoma lake pomwepo. Palibe m'komiti amene anafunsa kuti zitheka bwanji munthu mmodzi, ndi daka mmodzi, amange makoma atatu olimba ndi limodzi lowola.

Loweruka loyamba la ntchitoyo ndinaona atate akuvala majombo. Levulo ndi chingwe anazisiya pa msomali, anatenga fosholo.

"Mukupitanso?" anafunsa amayi. "Akakupatsani chiyani kumeneko?"

"Ndikasakaniza daka," anatero. "Amake mwana, ndi ntchito ya Mulungu."

Anasakaniza daka ndi kunyamulira mabuloko munthu amene akanatha kukhala wophunzira wao, mpaka khoma linatha. Pa tsiku lotsegulira, wachuma uja anakhala pa mpando wa kutsogolo, anamuveka nkhata ya maluwa, ndipo ba elda anamasulira mawu ake a Chingerezi mokweza. Atate anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ine tsiku limenelo ndinavula yunifomu ya kwaya, ndipo sindinaivalenso.

Zaka zotsatira atate anagulitsa makala pa mphambano, m'timapepala ta pulasitiki. Manja amene ankaimika khoma loongoka osayang'ana kawiri anada bii, ndipo fumbi la makala linawapatsa chifuwa chimene sichinathe. Levulo inakhala pa msomali mpaka kamadzi ka m'kati kanauma. Tchalitchi sanasiye, Lamlungu lililonse ankakhala pafupi ndi chitseko paja. Dzinja lililonse madzi ankabwera, nyumba za ena zinkagwa, koma zimene anamanga iwo zinkaima m'madzi ofika m'mawindo osagwedezeka. Ndinkawaonetsa anthu, ndinkachita kuloza ndi chala. Ankandiyankha kuti, "Koma banavomela beka."

Atamwalira, mwambo wa kumanda anatsogolera ba pasita omwe aja, tsitsi litachita imvi. Kunali dzuwa loswa mtengo. Ine ndinaima pafupi ndi dzenje ndikudikira chinthu chimodzi. Ndinkati lero anena. Munthu wagona, mwana wamasiye uja anakwatiwa kale ndipo ali ku Matero, kampani inatiiwala, palibenso choopa. Anene chabe kuti munthu uyu anali womanga woona, kuti khoma lija silinagwe chifukwa cha iye, adzukulu ake amve.

Ba pasita analankhula nthawi yaitali. Anati malemu anali wodzichepetsa, munthu wodziwa kulapa poyera, chitsanzo kwa ife tonse. Kulapa! Kenaka anatambasula manja pamwamba pa bokosi.

"Abale, tisafunse mafunso. Imfa iyi ni ntchito ya Mulungu."

Amayi anali atakhala pansi pakati pa azimayi, atafunda chitenje kumutu, ndipo chiyambire maliro sanalankhule ndi munthu. Anavundukula chitenjecho pang'onopang'ono, anayang'ana ba pasita m'maso, n'kulankhula ndi mawu wamba, osakweza, koma manda onse anamva.

"Tamva, abusa. Ndiye kuti palibe wolipira."